Galu wanu akakumana ndi chilombo kuseri kwa nyumba usiku: mafunso ndi mayankho

Ine agalu ndinayamba kuweta ndili mwana kumudzi, ndipo nditasamukira ku Lilongwe sindinasiye. Nyumba yathu ili kumapeto kwa layini, kuseri kwa mpanda kuli dambo lomwe limatsetserekera ku mtsinje wa Lingadzi, nde usiku kumadutsa zinthu zambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Chichokere tsiku lomwe galu wanga Popi anagwidwa ndi fisi pa geti, aneba, anzanga akuntchito ngakhale akutchalitchi akhala akundifunsa mafunso amodzimodzi, ena pa WhatsApp pakati pausiku galu ali gone magazi ali chuchuchu. Ndawasonkhanitsa pano ndi mayankho ake mmene ndimawayankhira.

Zoona mtauni muli afisi? Si nkhani zakumudzi izi?

Alimo, komanso sanabwere dzulo. Lilongwe anamangidwa pamalo pomwe panali tchire, ndipo tchirelo silinathe lonse, pakati penipeni pa mzinda pali nkhalango ija ya Nature Sanctuary pomwe pali Lilongwe Wildlife Centre, mitsinje ya Lingadzi ndi Lilongwe imadutsa mmaeriya momwemu ndipo mmphepete mwake ndi njira za nyama. Afisiwa masana amagona mmapanga, mmauna ndi mmakalavati, kukada amatuluka kukasaka chakudya mmadzala ndi kumisika komwe amataya zamkati mwa mbuzi ndi nkhuku. Pali gulu la Carnivore Research Malawi lomwe lakhala likuwatsatira afisi amtauniwa kwa zaka, ena mpaka kuwaveka makola a GPS mkhosi kuti aone komwe amayenda.

Koma si fisi yekha ayi. Kuli nkhandwe, mwiri, nyenga, kanyimbi, nungu, changa mmitengo, njoka ndiye osanena makamaka mvula ikayamba. Amene muli ku Zomba kufupi ndi phiri, ku Blantyre mbali ya Michiru, kapena midzi yoyandikana ndi Kasungu, Dzalanyama ndi Dedza mukudziwa kale zomwe ndikunena.

Ndingadziwe bwanji chomwe galu wanga akuuwa usiku?

Akulu anati galu wamkota sakandira pachabe, nde muzimvetsera kauwidwe kake, pakapita nthawi mudzayamba kusiyanitsa. Akamauwa munthu amauwa mwamphamvu motsatizana akuthamangira ku geti. Akapeza njoka kapena kanungu amauwa pamalo amodzi, mawu okwera, kudumphira kutsogolo ndi kubwerera mmbuyo, sachokapo. Koma kukakhala fisi agalu ambiri amasintha, amauwa akubwerera cha kukhonde mchira uli pakati pa miyendo, ena amangolira ngati akudandaula kenako zii, ndipo agalu a layini yonse amayamba pamodzi kuchokera kumunsi kukwera nawo mmene chilombocho chikuyendera. Kukhala chete kwadzidzidzi kuja ine ndi komwe kumandidzutsa kuposa phokoso.

Kukacha yenderani mmbali mwa mpanda. Phazi la fisi limaoneka ngati la galu wamkulu, zikhadabo zimaoneka, koma lakutsogolo limakhala lalikulu kuposa lakumbuyo ndipo zala zake ndi zopindika zothinana. Ndowe zake zikauma zimayera mbee ngati choko chifukwa cha mafupa omwe amadya. Nungu imasiya minga ndi timaenje pomwe yakumba mbatata kapena chinangwa.

Agalu anga ndi atatu, akuluakulu olusa. Sangamuthe fisi mmodzi?

Musayerekeze abale anga. Fisi wamkulu amalemera makilo 60 kapena kupitirira, ganizani thumba la chimanga la 50 kg muonjezereponso, ndipo aakazi ndi omwe amakhala aakulu kwambiri. Nsagwada zake zimaphwanya fupa la mwendo wa ng'ombe lomwe galu wanu amatha nalo sabata akungolinyambita. Galu wachikuda wamba ndi wa makilo 15 mwina 20, olo Boerboel kapena German Shepherd amene mumamudalirayo akalumidwa kamodzi pamsana kapena pamwendo nkhani yatha. Agalu ambiri amatha kumuthamangitsa ndi phokoso, zimenezo zimachitika, koma fisi amadziwa kunyengerera, amathawa pang'ono kuti galu wolimba mtimayo amutsatire patali ndi nyumba, kumdima uko ndi komwe amatembenuka. Amene amafa kawirikawiri ndi galu wolimba mtima uja, wamantha amapulumuka.

Ndamva agalu akulimbana ndi chinthu panja, nditani nthawi yomweyo?

Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira ine. Unali mwezi wa Ogasiti kukuzizira, magetsi atathima, cha mma 1 koloko usiku. Madzulo ake tinapha nkhuku ziwiri kunabwera alendo, nthenga ndi matumbo anaziika mu jumbo nkusiya panja pa geti kuti mmawa akataye. Popi anali ndi chizolowezi chotulukira pa kabowo kotulukira madzi pansi pa mpanda, kabowo komwe ndinkangoti ndidzatseka. Ndinangomva kulira kamodzi kokha kwakuthwa, kenako kukokana pa miyala. Ndinatsegula windo ndikuwalitsa tochi, ndinaona maso awiri obiriwira ali mmwamba kuposa pomwe pamakhala maso a galu, msana wotsetsereka uja, ndipo Popi ali pansi wagwidwa ntchafu. Mayi akunyumba anatenga poto ndi chipande nkuyamba kumenya mwamphamvu, ine ndikukuwa, aneba anayatsa matochi awo, chilombocho chinamusiya nkuyamba ulendo mosathamanga nkomwe, chikucheuka. Popi anachira koma mpaka lero amatsimphina.

Nde chochita ndi chimenecho, kuwala ndi phokoso muli pamalo otetezeka. Tochi yamphamvu, mapoto, wezulo, hutala ya galimoto, kuitana aneba. Ana asatuluke olo pang'ono. Musathamangire pakati pa ndewu ndi manja, galu wanu yemwe akamva ululu amaluma aliyense, sazindikira mbuyake. Ngati mwatuluka nkukumana nacho maso ndi maso musatembenuke nkuthawa, imani chilili, kwezani manja, kuwani, bwererani chambuyo pang'onopang'ono mukuchiyang'ana, ndipo chisiyireni mpata wotulukira. Nyama yoti yapanikizidwa pakona ya mpanda ndi yomwe imavulaza anthu.

Bala lake ndi laling'ono, timabowo tiwiri basi. Si angonyambita nkupola yekha?

Ayi. Mano a chilombo amaboola kabowo kakang'ono pakhungu koma mkati amang'amba mnofu, pakatha masiku 2 kapena 3 mumangoona patupa, pakutentha, mafinya, galu wasiya kudya. Valani magolovesi, ngati mulibe valani majumbo awiri kumanja, mumangeni kukamwa ndi kansalu kaye kuti asakulumeni, metani ubweya kuzungulira balalo ndipo tsukani ndi madzi ambiri ndi sopo. Ngati magazi akutuluka kwambiri panikizani ndi nsalu yoyera osachotsachotsa kuti muone. Kukacha pitani naye kwa a vetenale. Ku Lilongwe kuli LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, mabungwe osamalira ziweto omwe ali ndi madokotala a nyama, komanso pa boma lililonse pali ofesi ya zaulimi komwe kuli alangizi a ziweto.

Chonde musathire oyilo wakuda wa galimoto, mafuta a batire kapena dipi pabala, ndaonapo anthu akuchita ndipo zimangowotcha mnofu. Musamupatsenso Brufen kapena Panado wanu, Brufen amaononga mmimba ndi impso za galu.

Nanga chiwewe chomwe anthu amanenachi, kodi ndi choopsa chomwechi?

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndikhalitsapo. Bala limapola, mwendo wothyoka umalumikizika, koma chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro, kaya ndi pa galu kaya pa munthu, palibe mankhwala, ndi imfa basi, komanso imfa yake yowawa yoti munthu akufuna madzi koma akawaona amanjenjemera kummero kukutsekeka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse padziko lonse, ambiri ku Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi 40 pa 100 alionse mwa iwo ndi ana. Pafupifupi onsewo amachitenga kwa galu, osati kwa fisi kapena nkhandwe. Mukuona pamene pali vuto? Nkhandwe yachiwewe kawirikawiri siyifika pa mwana wanu, imafika pa galu wanu usiku inu muli mtulo, ndipo galuyo ndi amene mawa lake akusewera ndi ana pakhonde akuwanyambita kumaso.

Kachilombo koyambitsa chiwewe kamakhala mmalovu, kamalowa pabala nkumayenda pang'onopang'ono mmitsempha kupita ku ubongo, nde pamatha masabata, nthawi zina miyezi, galu akuoneka bwinobwino inu mwaiwala kale za usiku uja. Kenako amasintha khalidwe. Wofatsa amayamba kulusa, kuluma mitengo, miyala, tcheni, kuyenda osadziwa kopita, mawu ake pouwa amasasa. Koma pali mtundu wina omwe anthu ambiri saudziwa, galu salusa, amangofooka, chibwano chimagwa, dovu lili chuchu, amaoneka ngati watsamwa fupa. Anthu ambiri atenga chiwewe polowetsa dzanja mkamwa mwa galu kuti achotse fupa lomwe kulibe. Musadzachite zimenezo.

Kwa nyama zakutchire chizindikiro chachikulu ndi kutha mantha. Nkhandwe yabwinobwino ikaona munthu imathawa, nde mukaiona ikuyenda pabwalo dzuwa likuswa mtengo, kapena nyenga ikuthamangitsa galu mmalo mothawa, dziwani kuti pali vuto. Amene muli ndi zaka mukukumbuka chilombo cha ku Dowa mu 2003 chomwe chinapha ndi kuvulaza anthu mpaka midzi kuthawira ku boma, akuluakulu a zanyama ankati ayenera kuti anali fisi wachiwewe.

Chosangalatsa nchoti katemera amagwira ntchito zedi. Ku Blantyre madokotala a pa Queen Elizabeth ankaona ana akufa ndi chiwewe, mu 2015 bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu khomo ndi khomo ndi mmasukulu, ulendo woyamba okha anabaya agalu oposa 35,000, ndipo imfa za ana zinatsika kwambiri zaka zotsatira. Akatswiri amati mukabaya agalu 70 pa 100 alionse mdera, matendawa amasowa poyenda. Nde mukamva chimkuzamawu chikulengeza za katemera waulere, makamaka cha mu Sepitembala poti pa 28 ndi tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse, tengani galu wanu, tengani ndi wa agogo oyandikana nawo amene sangathe kuyenda. Kagalu kabayidwe kakakwana miyezi 3, kenako chaka chilichonse, ndipo kakhadi kaja kasungeni pamodzi ndi mabuku akuchipatala a ana.

Wanga anabayitsa chaka chino, nde palibe vuto eti?

Ali pabwino kwambiri, koma pitanibe naye tsiku lomwelo kapena mawa lake akamubayenso wina woonjezera, ndipo mumusunge pakhomo mukumuyang'anira kwa masabata omwe a vetenale akuuzeni. Ngati sanabayitsepo chibadwire nkhani yake ndi yovuta, muwauze a vetenale zoona zokhazokha osabisa, iwo ndi amene angagamule ngati atsekeredwe payekha kwa miyezi kapena agonekedwe. Ndikudziwa kuti zimawawa, galu amakhala ngati wapabanja, koma musamubise kapena kukamupereka kumudzi kuti vuto lichoke pakhomo panu, kumudziko kulinso ana.

Polanditsa ndakandidwa pang'ono, sindikudziwa ngati ndi galu wanga kapena chinacho

Siyani zonse, pitani pampopi. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, yang'anani pa foni chifukwa mphindi 15 ndi zambiri kuposa mmene mukuganizira, sopo aliyense olo wochapira. Mukatero pakani spirit kapena ayodini ngati alipo, musamange bala mothina, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukanene kuti pakhudzidwa nyama yakutchire. Katemera wa anthu amabaya kangapo pa masiku osiyana, kuyambira tsiku loyamba, lachitatu, la 7 ndi mmene akulembereni, ndipo mumalize onse olo bala litapola. Mukapeza kuti pachipatala chapafupi watha musabwerere kunyumba nkukhala, funsani komwe aliko mupite, kongolani ya transipoti ngati kuli kotheka. Mukadutsenso kwa a vetenale akalembe za nyamayo, kalata yawo imathandiza kuchipatala. Malovu akagwera mmaso, mkamwa kapena pachilonda chakale ndi chimodzimodzi kulumidwa.

Zoti mumete ubweya wa galu wakulumaniyo muwotche mupake pabala, zija tinkauzidwa tili ana, sizichotsa chiwewe.

Galu wabwera thovu lili tho kukamwa, ndi chiwewe chimenechi?

Nthawi ya mvula kawirikawiri amakhala kuti waluma chule, achule aja a khungu la tokhakhala amene amasonkhana pansi pa babu lapanja kudya ngumbi. Kumbuyo kwa maso awo kuli timatumba totulutsa madzi owawa, galu akangoluma thovu limabwera pompo, amapukusa mutu ndi kupalasa kukamwa ndi mwendo. Kusiyana kwake nkoti izi zimayamba mwadzidzidzi galu ali bwinobwino mphindi zapitazo, ndipo zimachepa pakatha ola limodzi kapena awiri. Ngati mwamuona ndi maso akuluma chuleyo, valani majumbo, pukutani nkhama ndi lilime ndi nsalu yonyowa kangapo mukuitsuka. Ngati simunaone chomwe chachitika, kapena wakhala wosasangalala masiku angapo, mutsekereni osamugwira mkamwa muitane a vetenale. Thovu lobwera pamodzi ndi kunjenjemera thupi lonse, kutsegula mmimba ndi kugwa pansi ndiye ganizirani poizoni, thamangani naye.

Nanga njoka?

Ziwiri ndi zomwe zimavutitsa agalu kwambiri pakhomo. Yoyamba ndi ija imadzutsa mutu nkufutukula khosi nkulavula malovu, imatha kulavula mamita awiri ndipo imalunjika mmaso. Imakonda makola a nkhuku ndi milu ya njerwa chifukwa ikutsata makoswe, achule ndi mazira. Galu amabwera maso atatseka, misozi ili mbwembwembwe, akudzikhula pansi. Mgwireni bwino muthire madzi oyera ambiri mmaso kwa mphindi 15 mpaka 20, madzi okha basi, osati mkodzo, osati madzi a fodya kapena masamba otafuna. Mukachita msanga maso amapulumuka, koma akaonedwebe chifukwa malovuwo amasiya zilonda padiso.

Yachiwiri ndi mphiri. Iyi siyithawa, imangogona pa kanjira usiku ikudalira mtundu wake wofanana ndi masamba ouma, galu akaifwenkha ndi mphuno imamuluma kumaso kapena mwendo wakutsogolo. Kutupa kwake kumathamanga, mutu umatha kukula ngati mpira, ndipo choopsa ndi pamene kutupako kwafika pakhosi. Muvuleni kolala kapena tcheni nthawi yomweyo, munyamuleni asayende, mupite naye. Osatema ndi lezala, osayamwa, osamanga ndi mphira, ndipo kamwala kakuda kaja sikachotsa ululu wa njoka. Ngati njokayo agalu aipha musaigwire kumutu, mutu wa njoka yakufa umalumabe, ingoijambulani pa foni muwaonetse adokotala.

Kuchepetsa njoka nkosavuta kunena, tchetchani udzu, nkhuni ndi malata akale zisakhale mulu pafupi ndi khola la galu, ndipo thanani ndi makoswe posunga bwino chimanga ndi madeya.

Wabwera ndi minga ya nungu kumaso ndi pachifuwa, ndizule ndekha?

Choyamba, nungu siyiponya minga ngati mivi mmene timauzirana. Imayamba yachenjeza, kuimika minga, kugwedeza mchira kuti uchite phokoso, kuponda pansi, galu akapanda kumva imathamanga chafutambuyo nkumugunda, minga nkutsalira mthupi. Ngati ndi umodzi kapena iwiri yolowa pang'ono pamwendo mutha kuigwira ndi pulayala pafupi ndi khungu nkukoka molunjika osapotokola. Koma ya pachifuwa, pamimba, pakhosi, mkamwa ndi pafupi ndi diso musaikhudze, imalowa mozama mpaka kufika mmapapo, ndipo ikathyokera mkati kachidutswako kamayenda nkudzayambitsa chithupsa patapita masabata. Musaidulenso ndi sizasi. Mugwireni asadzigudubuze mpaka mufike kwa a vetenale, iwo amamugoneka kaye ndi jakisoni nkuchotsa bwinobwino.

Akununkha moti sitingathe kukhala naye pafupi

Ameneyo wakumana ndi kanyimbi, kanyama kakuda ka mizere yoyera kumsana. Sikoopsa, kungoti fungolo. Tsukani maso ake ndi madzi kaye ngati afiira. Posambitsa sakanizani lita imodzi ya hydrogen peroxide wa 3% wa ku famase, soda masupuni anayi ndi kasupuni ka sopo wamadzi wotsukira mbale, mpakeni kupewa maso, dikirani mphindi 5 mutsukuluze. Zotsala tayani, mukazitsekera mbotolo limaphulika. Muyang'aneninso ngati kanamuluma.

Galu wapha kanyama, ndimusiye adye? Kapena tidye ife?

Mulandeni. Nyama yoti yagwidwa mosavuta pabwalo panu mwina inali yodwala kale, kapena inadya poizoni wa makoswe kwa aneba. Nyamulani ndi fosholo, ngati inkachita zachilendo isungeni mu jumbo pamthunzi muwadziwitse a vetenale poti amatha kuyeza ubongo wake ngati muli chiwewe, apo ayi kwirirani mozama. Osasenda, osawamba. Galuyo mumuone mabala, nkhupakupa ndi utitiri, ndipo masabata otsatira muzimuyang'ana nkhama, zikayera ngati pepala ndipo mkodzo ukafiira ndi matenda a nkhupakupa amenewo, amapha msanga koma mankhwala ake alipo.

Pali kanyama kamodzi koti mukakapeza agalu akukazungulira musamale kwambiri, ngaka. Imadzipinda ngati mpira wa mamba, siluma. Tsekerani agalu muimbire a Parks and Wildlife, nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, kapena a Lilongwe Wildlife Trust adzaitenge. Lamulo la nyama zakutchire lomwe linakhwimitsidwa mu 2017 limalola khothi kupereka mpaka zaka 30 kundende pa nyama zotetezedwa ngati imeneyi, ndipo anthu ambiri ali mkati chifukwa wina anawanamiza kuti ili ndi msika.

Bwanji ndingothira tameki pa nyama ndiponye kuseri kwa mpanda zithe?

Ili ndi funso lomwe limandipweteka mtima kwambiri ndipo ndimalimva pafupipafupi. Chonde musatero. Nyama ya tamekiyo sidziwa kuti mwaikira fisi. Woyamba kuipeza amakhala galu wa aneba, mphaka, kapena galu wanu yemwe wadumpha mpanda, ndipo imfa ya tameki ndi yoopsa kuiona, galu amanjenjemera, kudzionongera, kubanika ndi malovu ake omwe mkati mwa mphindi zochepa. Akhwangwala ndi mbalame zina akadya mtembowo nawonso amagwa, mvula ikagwa zotsalazo zimapita kudambo komwe anthu amalima ndiwo zamasamba ndipo ana amasewera komweko. Komanso ndi mlandu. Misampha ya waya ndi chimodzimodzi, agalu a miyendo itatu omwe mumawaona mmakwalalamu ambiri ndi a msampha.

Ndipo olo mutapha fisi mmodzi, dzala likadali pomwepo, mawa kubwera wina. Ngati chilombo chikubwerabwera, chayamba kugwira mbuzi kapena kutsata anthu, kanenani kwa amfumu kapena a block leader ndi ku ofesi ya Parks and Wildlife, ali ndi anthu a ntchito imeneyo.

Kwathu amati afisi obwera pakhomo ndi otumidwa, ndi a anthu okhwima

Ndinakulira momwemo ndipo sindinyoza akuluakulu amene amakhulupirira zimenezo. Chomwe ndingakuuzeni ndi chomwe ndinaona ndi maso anga, fisi amene anagwira Popi anabwerera jumbo ya matumbo a nkhuku, ndipo titasiya kutaya zotere panja ndi kutseka kabowo kaja sanafikenso pa geti, amangodutsa kumunsi kudambo tikumumva kulira. Chomwe ndimaopa pa nkhani yotumidwayi ndi ziwiri, kuti munthu walumidwa nkuyamba kwa asing'anga masiku akupita katemera osalandira, komanso kuti agogo ena osalakwa amalozedwa chala nkuvutitsidwa chifukwa cha nyama yomwe imangotsata fungo.

Galu ndinamutengera kuti azilondera, ndikamutsekera usiku ntchito yake ikhala chani?

Funso labwino ndipo ndi lomwe amuna ambiri amandikanira nalo. Ntchito ya galu pakhomo ndi kukudzutsani, si kumenyana. Khutu ndi mphuno zake zimagwira ntchito chimodzimodzi ali mkati mwa mpanda, pakhonde lotchinga kapena mkhola lolimba pafupi ndi windo lakuchipinda. Ndipotu akuba amayamba ndi kuponyera nyama yapoizoni galu woyendayenda, amene ali pafupi ndi nyumba amavuta kumufikira. Ngati muli ndi mpanda wa njerwa wabwino musiyeni aziyenda mkatimo, bola mutseke mabowo a madzi ndi waya kapena zitsulo ndipo pansi pa geti pasakhale mpata woti mutu wake ulowe, mutu ukalowa thupi limalowanso. Ngati mpanda ndi wa udzu kapena mulibe, mumangireni khola la njerwa kapena matabwa olimba, la denga ndi chitseko chotseka ndi loko kapena bawuti, kuti azigonamo kuyambira kukada mpaka mbandakucha. Tiana ta agalu, galu woyamwitsa ndi wokalamba, amenewa ndiye alowe mkhitchini kapena mstoo basi.

Mwambi uja woti pakadafunda padajiwitsa galu sunangopekedwa, kumudzi galu amakonda kugona paphulusa pomwe panali moto anthu atalowa mnyumba, ndipo afisi amadziwa zimenezo. Mukamalowa kukagona muitaneni alowe malo ake, muzimupatsa chakudya chamadzulo momwemo kuti azolowere, pakatha sabata amapita yekha.

Nanga kumumangirira pa tcheni pansi pa mtengo wa mango?

Usiku ayi. Galu wapatcheni pabwalo lopanda mpanda sangathawe, sangabisale, ali ngati mbuzi yoikidwa pa msampha. Njoka ikabwera sangaipatuke. Ngati palibiretu kochitira mumangirireni pakhonde penipeni pafupi ndi chitseko pomwe pali kuwala.

Ndichite chani kuti zilombozi zisamakonde pakhomo panga?

Zimabwera chifukwa cha fungo la chakudya, nde yambani ndi dzala. Mafupa, zamkati mwa nkhuku ndi nsomba, matewera a ana, zonsezi zikwirireni mozama kapena zikhale mu bini yotseka mkati mwa mpanda mpaka tsiku lotaya. Mbale ya galu isagone panja ndi nsima ndi bonya wotsala, muzimupatsa kusanade adye amalize mutsuke. Khola la nkhuku, abakha, akalulu kapena mbuzi likhale lolimba pansi pomwe chifukwa nyama ngati chiuli zimakumba, ndipo lisagundizane ndi pogona galu. Mango ndi mapapaya akugwa muzitola. Babu la sola loyaka lokha chinthu chikadutsa limathandiza makamaka masiku a mablakauti ano, ndipo tochi izikhala pamalo amodzi odziwika ili yotchaja, osati kuyamba kufufuza galu akulira panja.

Chinanso chomwe anthu sachiganizira, galu wamkazi akakhala pa nyengo amuna onse a mderalo amayendayenda usiku wonse mpaka kudambo, ndipo ambiri amagwidwa nthawi imeneyo. Kufula amuna ndi kutseka aakazi kumachepetsa kuyenda kumeneku, a LSPCA ndi a BSPCA amapanga maopaleshoni amenewa. Mukambiranenso ndi aneba, poti inu mutha kusamala pakhomo panu koma ngati kuseri kwa layini kuli mulu wa zinyalala wa aliyense, alendowa azibwerabe.

Chichitikireni zija galu wanga akukana kutuluka usiku, akungonjenjemera. Abwerera mwakale?

Ambiri amabwerera koma zimatenga nthawi, Popi anatha pafupifupi miyezi iwiri asakufika ku geti kukada. Musamukoke kapena kumumenya kuti alimbe mtima, zimangoonjezera. Muzituluka naye inuyo madzulo ndi tochi ali pa chingwe, pafupi kaye ndi khonde, mawa kuonjezera pang'ono, akachita bwino kumusisita ndi kumupatsa kachakudya. Mgonekeni pomwe akumva mawu a anthu. Koma muzisiyanitsa mantha ndi matenda, galu wamantha amadya, amamwa madzi, amakudziwani ndipo masana amakhala bwino. Mukaona kuti wasiya kudya, akulephera kumeza, akuluma zinthu zopanda pake, mawu asintha kapena miyendo yakumbuyo ikufooka, olo patapita miyezi itatu chilumidwireni, mutsekereni payekha pomwe ana sangafike, musamugwire, ndipo muitane a vetenale abwere pakhomo mmalo moti inu mumunyamule pa njinga kapena mu minibasi.